Buleki Yakutsogolo ya Njinga ya Ababa

Lolemba

Pakamwa panga pandiika m'mavuto. Loweruka tikuvundukula chiliza cha ababa kumudzi kwa Mbenje. Dzulo pamsonkhano wa banja bambo aang'ono, a Zuze, akuti njinga yamoto ya malemu ikungoola m'khumbi mwanga, bola aichotse injini azikapopera madzi kudimba kwawo. Ine, pamaso pa onse: njinga imeneyi ndiyo idzatsogolere anthu kumanda, woikonza ndine. Iwo: "Ikakanika ndikuitenga tsiku lomwelo."

Injini ilibe vuto. Kuponda kawiri yalira, nkhuku za pa Nsanje pano zonse zathawa. Vuto ndi kuima. Chogwirira cha buleki yakutsogolo chikungolowa mpaka pa handulo ngati ndikufinya nthochi yakupsa. Yakumbuyo imagwira ikafuna.

Mu vidiyo ya pafoni, mzungu wa manja oyera akuti matenda ali mu masita silinda, kabokosi ka mafuta kokhala pa handulo kaja. Akumasula akumwetulira. Ine ndine telala, makina osokera ndimamasula ndekha. Ichi n'chiyani?

Ndachotsa chivundikiro chake, chong'aluka kale. M'katimo:
- mafuta, mulibe
- zinthu zofiirira zonga chiponde, zilimo
- nyumba ya mavu, ya zipinda ziwiri
- fungo

Bandulo yatha mzungu atangoti, "Tsopano apa samalani kwambiri ndi..."

Lachiwiri

Kutentha! Sipanala ndikuigwira ndi nsonga ya chitenje.

Pisitoni ya m'katimo yakana kutuluka. Kuiviika mu palafini, nkhabe. Kuimenya ndi chidendene cha nsapato, nkhabe. Ndawiritsa masita silinda yonse m'ketulo. Amayi, amene akugona kuno sabata ino kudikira mwambo, athira madziwo m'kapu ndisanawaone. Anunkhiza. "Masamba awa wagula kuti? Akununkha depoti."

Masana pisitoni yatuluka yokha, phu! Pambuyo pake kasipuling'i, kauluka sindinakaone n'komwe. Kuseri kwa mpanda kuli bakha wa aneba, mai a Fatima. Bakhayo wameza kanthu nthawi yomweyo. Khosi lake ndaliona ndi maso angawa.

Mai a Fatima: "Bakha wanga sadya zitsulo, analeredwa bwino." Komabe andibwereka. Bakhayo ali m'dengu pakhonde, pansi ndayala nyuzipepala. Tikuyang'anizana.

Lachitatu

Bakha wachita zake mosaumira. Ndafufuza ndi kamtengo. Chimanga, mchenga, batani la shati limene ndinkalifuna mwezi watha. Sipuling'i ayi.

Minibasi ya ku Bangula, masita silinda m'kachikwama. A Alufandika, makaniko wa pafupi ndi msika wa nsomba, aitembenuza, ainunkhiza, aitana anzawo. Abwera ngati kwachitika ngozi. "Mayi, amene anapanga ichi anamwalira, ana ake anamwalira, fakitale yake pano ndi tchalitchi."

Yatsopano ilipo, ya njinga za kabaza. Siikukwana pa handulo ya ababa. Akuti tidule handulo. Handulo ya ababa sindidula!

Ndabwerako ndi:
- timalabala tiwiri, akuti "tikufananirako"
- botolo la mafuta a buleki
- kapayipi ka dilipi, kumene akatenga sindinafunse
- mlamba wouma, poti ndinali kale ku Bangula

Sipuling'i akuti ndichotse m'tochi.

Lachinayi

Tochi yafa kuti njinga ikhale ndi moyo.

Ndabwezera zonse. Patebulo patsala kawashala kamodzi. Ndakaika m'thumba kuti kasamandiyang'ane.

Tsopano kutulutsa mpweya. Wina azifinya chogwirira, wina azitsegula kanati kotulukira mpweyawo kumunsi kugudumu. Ofinya ndi amayi. Ndikati finyani akusiya, ndikati siyani akufinya, pakatipo akundisimbira za mwana wa a Zuze amene wagula galimoto. Thovu, thovu, thovu. Mpweya wonse wa boma la Nsanje uli m'kapayipi aka.

Mafuta adonthera pa thanki. Penti yasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Thanki imeneyi ababa ankaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba tisanapite kutchalitchi, kenako mpango womwewo n'kutipukuta nawo ife kumaso. Ndakhala pansi kaye. Amayi apitiriza kufinya.

Madzulo chogwirira chalimba. Gwa! Ndakankha njinga, ndafinya, yaima. Ndavina ndekha pabwalo.

Pomasula duku kuti ndikasambe, pagwa kanthu pansi. Kasipuling'i kaja. Kapita nane ku Bangula n'kubwerako.

Bakha ndam'bweza ndi chipepeso cha madeya. Bakhayo sanandiyang'ane. Mai a Fatima: "Waonda. Ndipo wasintha mtima."

Sinditsegulanso. Ya tochi ikugwira.

Lachisanu

Kuyesa. M'mawa kukadali kozizira njinga ikuthamanga ngati mnyamata, ikuima ngati msilikali. Ndadutsa pamsika kawiri, dala.

Dzuwa litafika pamutu, pafupi ndi chigayo, yayamba kulemera. Kenako yaima yokha. Sindinafinye kanthu! Gudumu lakutsogolo lauma gwa. Kukankha ayi, kukoka ayi. Akabaza andizungulira ndi malangizo:
- thirani madzi
- thirani mowa
- ipepeseni
- tigulitseni galasi lokhalo

Ndaimbira a Alufandika. "Mafuta akatentha amafufuma, ndiye akusowa pobwerera. Sipuling'i ya tochi njofooka, mayi." Ndawakumbutsa amene anandiuza za tochi. "Ine ndinati muyese."

Ndakhala pamthunzi wa chigayo mpaka dzuwa kupendeka, tsitsi lonse ufa. Yamasuka yokha ngati sinalakwe.

Ndiye poyamba ndinali ndi njinga yosaima, lero ndili ndi njinga yopita kunkhomaliro. Nditsegule ndibwezere sipuling'i yeniyeni? Mafuta atha, theka linathera pa thanki. Palibe vuto. Mwambo ndi wa m'mawa. Abusa alonjeza kulawirira.

Loweruka

Abusa afika dzuwa lili pamutu.

Ife tinafika kwa Mbenje m'mamawa bwinobwino, amayi kumbuyo, a Zuze kukamwa yasa. Kenako kudikira. Njinga ndaiimika pansi pa mtengo wa nimu, ndaifunditsa chitenje chonyowa, ndikuikupiza ndi lichero ngati wodwala malungo.

Tanyamuka. Ine patsogolo pang'onopang'ono, kumbuyo abusa, amayi a kwaya, mudzi wonse. Ndikumva ngati ababa akundiona. Misozi ikulengeza. Ndiye yayamba kulemera.

Yaima pakati pa njira, manda akuonekera apo. Kumbuyo onse aima. Nyimbo yalowa vesi lina, kenako lina, kenako abwerera loyamba. Ndaifunditsanso chitenje chija. Nkhabe.

A Zuze akuyandikira akumwetulira. Ndanena mokweza kuti ndinalonjeza kuti idzatsogolera, sindinanene kuti idzayenda. Amayi: "Inyamuleni."

Amuna asanu ndi mmodzi, mitengo iwiri pansi pake, njinga pamapewa, chitenje chikadali pamwamba. Kwaya, poona chinthu chofunditsidwa chili pamapewa, yasintha yokha nyimbo, yalowa ya maliro. Odutsa akutsika panjinga zawo, akuvula zipewa. Mayi wina wosam'dziwa walowa pamzere akulira mokweza, wandigwira mkono, akufunsa kuti watisiya ndani. Ndati buleki. "Mayo ine, a Buleki! Anali munthu wopanda chifukwa ndi anthu!"

Aitsitsa pambali pa chiliza. Yafika yoyamba.

Lamulungu

Njinga ikadali kumanda.

Dzulo mwambo utatha, dzuwa litapendeka, gudumu linamasuka lokha. Njinga inasendera pang'ono n'kukatsamira chiliza. Aliyense anaona. Mayi wolira uja anakomoka.

A Zuze akuti saifunanso. Chinthu chonyamulidwa ndi nyimbo kupita kumanda sichingathirire tomato wawo, adya ndani? Akuluakulu a mudzi akuti isachokenso, mwini wake wailandira. Ndiye kuti ndapambana. Kiyi ndili naye ine.

Tabwerera pa minibasi, chipewa cha njinga pamiyendo. Pakati pa mabampu amayi akuti: "Buleki yakutsogoloyo abambo ako anaipha dala. Tsiku loyamba kunditenga inatiponya m'munda wa mpunga, ine ndi diresi langa latsopano. Anakhuthula mafuta onse tsiku lomwelo. Zaka zonse zija ankaima ndi mapazi."

Ndawafunsa chifukwa chake sanandiuze sabata yonseyi, akufinya nawo chogwirira.

"Unkaoneka wosangalala. Komanso ndimafuna ndione."

Zikhadabo zakuda, msana ukuwawa, mayunifolomu a sukulu ali mulu osasokedwa. Mawa ndibwerera ku makina anga. Amenewo ukasiya kupalasa, amaima.