Nkhope ya Amalume Pamapu

Amalume anga ankadana ndi kukhala kadontho. Dzuwa ankapirira, mvula ankapirira, ngakhale makasitomala amwano ankawapirira, koma kadontho ayi.

Tinkagwira ntchito pakampani imodzi yoperekera katundu m'makomo, iwo panjinga yamoto, ine mu ofesi kuyankha mafoni. Kampani itabweretsa pulogalamu ya pafoni, woyendetsa njinga aliyense anayamba kuoneka pamapu ngati kadontho kabuluu, kuti kasitomala aziona pamene katundu wake wafika. Anzawo onse sanadandaule. Amalume anaima patsogolo pa sikirini yaikulu ya mu ofesi, n'kuvula chisoti pang'onopang'ono.

"Kameneka ndi kandani?"

"Ndinuyo, malume."

"Ine? Bambo wa ana, ndevu zonsezi, ndifanane ndi chitosi cha ntchentche?"

Ofesi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinagwada pansi pa tebulo ngati ndikufuna cholembera.

Kuyambira pamenepo, mayi amene ankakonza pulogalamuyo sanaonenso mtendere. M'mawa amalume ali pakhomo pawo, masana ali pomwepo. "Mayi, anthu amadikira munthu, sadikira nthomba." Mayiwo atatopa anati, "Chabwino, bweretsani chithunzi, ndichotse kadonthoko ndiikepo nkhope yanu."

Anabweretsa cha paukwati wawo. Tsitsi lili bii, mano onse alimo, tayi yofiira pakhosi.

Vuto linali loti chizindikirocho chinkatembenuka kutsata kumene njinga yalowera. Amalume akalunjika kum'mwera, nkhope inkayenda chadodolido, tayi m'mwamba, kumwetulira konseko kuli pansi. Foni yanga sinapume.

"Pepani, bambo amene akubweretsa katundu wanga achita ngozi? Ndikuwaona akubwera ndi mutu."

"Ali bwino, mayi."

"Nanga mazira angawo afika bwanji?"

Mayi wa pulogalamu anakonza zimenezo, koma kunabuka zina. Amalume akagogoda pageti, anthu ankasuzumira, n'kuyang'ana pafoni, n'kuwayang'ananso iwo. Mtsikana wina anakaniratu kutsegula. "Ife tikudikira mnyamata wa pamapuyu. Inu agogo mwasochera?" Tsiku limenelo amalume anabwerera ku ofesi, koma tiyi sanamwe.

Pasanapite nthawi, nkhope ija inayamba kuima Lachisanu lililonse masana panyumba ina kuseri kwa msika, kumene kunalibe katundu wokapereka. Imangokhala pamenepo, ikumwetulira. Anthu mu ofesi ankaunjikana pasikirini, makapu m'manja, wina kutsinana ndi mnzake, onse akundiyang'ana ine cham'mbali. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Chimene amalume anaiwala n'choti azakhali, akazi awo, nawonso anali ndi foni. Lachisanu lina analowa mu ofesi osagogoda, n'kundigwira pamkono. "Nyamuka, ukakhale mboni."

Tinatsatira nkhopeyo mpaka pakhomo lake, azakhali akupumira m'mwamba. Anakankha chitseko. Inali saluni ya azimayi. Amalume anali atakhala pakati pa amayi ovala zopotera tsitsi, thaulo la maluwamaluwa paphewa, mutu ataukulunga pulasitiki, mankhwala odetsa imvi akuyenderera kuseri kwa khutu.

"Bambo a ana! Mukutani muno?"

Anayankha ndi mawu ang'onoang'ono. "Ndimafuna ndifanane ndi wa pamapu uja."

Azakhali anali atabwera ndi mawu okwana sabata yathunthu, koma onse anathera pakhosi. Anaseka mpaka kukhala pansi, amayi a m'saluni nawo n'kulandirira. Amalume okha sanaseke. Ankangoyang'ana nsapato zawo, madzi akuda akudonthera pakolala. Sindinawaonepo atachepa chomwecho, ndipo ndinasowa poika maso. Pobwerera azakhali anakwera kumbuyo kwa njinga, n'kuwagwira m'chiuno ngati mtsikana. Ndinamva akuti, "Imvizo ndi zanga, musazikhudzenso."

Chaka chatha nkhope ija inayamba kuima kuchipatala. Poyamba tinkati akukapereka katundu. Kenako inayamba kuchedwako, ndipo anthu pasikirini anasiya kutsinana. Tsiku lina amalume anandiitanira kuseri kwa ofesi, kumene amaimika njinga. Jekete inali itawakulira.

"Mwana wanga, kawauze mayi aja andibwezere kadontho kanga."

"Malume, inuyo?"

"Anthu asamaone kumene ndikupita."

Mayiwo anasintha osafunsa chilichonse. Amalume anayendabe miyezi ingapo, osasiyana ndi anzawo pamapu, mpaka m'mawa wina njinga yawo sinatuluke.

Masiku ano mu ofesi muli zii. Sikirini ikadali pakhoma, katundu akufika pa nthawi yake, abwana akusangalala, koma palibe amene amaimanso patsogolo pake. Tiyi aliyense amamwera patebulo pake.

Sabata yatha anaimba foni mayi ena achikulire.

"Mwanawe, bambo a nkhope aja anapita kuti? Mdzukulu wanga amandilanda foni tsiku lililonse kuwafuna. Ankati akawaona akuyenda pamapupo, iye n'kumawabayibitsa."

"Anatisiya, mayi."

Chapatali ndinkamva kamwana kakuimba kokha.

"Ndiye mwanayu ndimuuze kuti chiyani?"

Foni ina inkalira pambali panga. Ndinaisiya ilire.