Sikono Watsegula M'mimba

Lolemba

Sikono watsegula m'mimba. Lero ndi tsiku lachitatu.

Ndikulemba kuti mutu ukhale m'malo. Sikono ndi mphaka wa Amake Dalitso, si wanga. Iwo anapita ku Katete Lachinayi lapitali kukasiya ana kwa amayi awo, kutali ndi malire, ndipo abwera Lamulungu pa lole. Pokwera anandisiyira zinthu ziwiri zokha: "Atate a Dalitso, muzidya. Ndipo Sikono ndidzam'peze monga ndam'siyira." Za ndege zankhondo, za wailesi, za chimene ndichite asilikali akutsidya akaoloka mtsinje, sanatchuleko. Mphaka basi.

Ndiye taonani lero. Pa mphasa kawiri. Pansi pa tebulo kamodzi. M'nsapato yanga ya kutchalitchi kamodzi, yakumanzere.

Ine, wa zaumoyo wa boma! Zaka zitatu ku koleji ku Lusaka, zaka khumi ndi ziwiri pantchito! Munthu amene ndinkapalasa njinga mpaka ku Kavalamanja, zinthu zisanavute, kukaphunzitsa anthu za matenda omwewa! Pamaso amanditcha Bwana Helofu, ndiye kuti wa zaumoyo m'Chingerezi chawo. Ndikangotembenuka ndine a Zimbudzi. Ndimadziwa. Akamva zimene zikuchitika m'nyumba mwa a Zimbudzi momwemo, ndatha.

Ndajambula tchati kuseli kwa fayilo yakale. Mizere inayi: TSIKU, ZAKUDYA, KANGATI, MAONEKEDWE. Njira yake ndi ya ku koleji: kuchotsa chinthu chimodzi tsiku lililonse mpaka wolakwa apezeke. Amene ndikuwaganizira:

1. Matumbo a nsomba a kwa a Mai Zuze, oyandikana nafe, amene amayanika nsomba za pende kuseli kwa mpanda.
2. Nyama ya m'chitini imene asilikali a pa lodibuloko amam'ponyera.
3. Madzi a mumtsinje osawiritsa.
4. Abuluzi.
5. Poizoni wa adani. Sindikhulupirira kwenikweni, koma ndalemba.

Pakali pano azimwa mkaka wambiri kuti thupi lisaume. Mwamwayi Lachisanu ndinapeza chitini chachikulu cha mkaka waufa kuseli kwa mapoto, chosatsegula, ndipo kuyambira tsiku lomwelo ndikum'patsa. Amake Dalitso sam'patsa mkaka. Mwina kuuma manja, sindikudziwa. Ine ndimam'sungunulira masupuni atatu odzaza m'madzi owiritsa, m'mawa ndi madzulo. Amanyambita mpaka mbale kuwala.

Mkaka sindiulemba pa tchati. Mkaka si chakudya, ndi chithandizo.

Lachiwiri

Kangati: kasanu. Maonekedwe: sindilemba pano, ali pa tchati.

Lero ndikuchotsa matumbo a nsomba. Ndapita kwa a Mai Zuze mwaulemu wonse, chipewa kumanja. Amvetsera akupala mamba, osakweza mutu. Pomaliza: "Bwana Helofu, pusi ameneyo wadya matumbo anga kuyambira ali kamwana, sanathululepo. Fufuzani kwanu."

Kwathu! Kumene ndimawiritsa ndi madzi otsukira supuni omwe!

Sikono ndam'tsekera m'khitchini. Ndayesa kum'mwetsa madzi a shuga ndi mchere, monga ndimaphunzitsira amayi kumidzi. Amayi aja amangogwedeza mutu n'kumwetsa ana awo. Sikono sagwedeza mutu. Zotsatira:

dzanja lamanja, mikwingwirima inayi;
chala chachikulu, mano awiri;
shati la kuntchito, thumba lang'ambika;
madzi amene alowa mwa mphaka, palibe.

Masana ndatonthoza mtima pokonza dzenje lathu lobisalamo ndege. Ndi lathu ndi a Mai Zuze, lili pakati pa nyumba ziwirizi. Ena anangokumba maenje ngati otayamo zinyalala. Langa lili ndi kona, masitepe atatu, ndi kashelefu koikapo botolo la madzi. Lero ndathira pansi pake mchenga woyera wa ku Luangwa, ndowa zisanu ndi imodzi, wosefa, kuti Amake Dalitso asamadetse chitenje. Ndasalaza ndi thabwa. Kukongola kwake! Munthu angafune ndege ibwere. Ayi, ndafufuta zimenezo.

Mkaka wamwa wonse. Chilakolako chilipo, chizindikiro chabwino.

Lachitatu

Wathawa. Windo la khitchini lili ndi kabowo kamene ndinkati ngakhale khoswe sangapite.

Lero ndi tsiku la nyama ya m'chitini, ndiye ndapita pa lodibuloko ndi kalata yolemba bwino, yopempha kuti asam'patsenso kanthu. A Sajeni aiwerenga kawiri, kachiwiri mokweza kuti anzawo amve. "Mudala, ife tiyang'ana kumwamba, tiyang'ana kutsidya. Manje mufuna tiyang'anenso matako a pusi?" Aseka onse, ndi amene anali pa mfuti yaikulu yemwe. Koma alonjeza. Ndi anthu abwino. Andipatsanso tiyi.

Masana wabwera yekha. Ndam'phikira phala la mpunga lopanda mchere. Wanunkhiza, wandiyang'ana, wakwirira mbaleyo ndi dzanja ngati akukwirira zija. Ndamva chipongwecho. Phalalo ndadya ndekha, ndipo si loipa.

Popeza sakudya, mkaka ndaukweza kufika masupuni anayi.

Kangati: kamodzi, m'mawa, pakhomo. Kuchokera pamenepo, palibe. Ndayang'ana pansi pa bedi, kuseli kwa kabati, m'nsapato zonse. Palibe! Sindifuna kusangalala msanga.

Lachinayi

ZIRO!

Ndazungulira nyumba yonse katatu. M'kati ziro. Pabwalo ziro. M'dimba la tomato ziro. Ndalemba ziroyo ndi inki yofiira n'kum'zunguliza.

Wolakwa wapezeka: nyama ya m'chitini. Masiku atatu okha, njira ya ku koleji! Ndayamba kale kulemba kalipoti kakang'ono, masamba awiri, mwina kangathandize ena. Mutu wake ndikusinthasinthabe.

Zotsala zazing'ono zoti ndiziyang'anira: m'mimba mwake mukulirabe ngati injini ya boti, akuoneka wowonda, amasowa kanthawi n'kubwera ndi mchenga kumapazi. Mchengawo ndikuganiza kuti amapita kumtsinje kukapuma mphepo. Wodwala akayamba kuyenda, ndiye kuti akuchira.

Ndagula pende wamkulu kwa a Mai Zuze kusonyeza kuti palibe chakukhosi, ndipo ndawauza kuti matumbo awo alibe mlandu. "Ndinakuuzani," basi. Ndadya mpaka kumasula lamba. Ndakhala pakhonde kuyang'ana mapiri a ku Zumbo akusintha mtundu, mphaka pamiyendo. Ndangozindikira tsopano kuti wailesi sindinaitsegule kuyambira Lolemba. Kale nkhani ndinkamvera katatu pa tsiku, n'kulemba.

Amake Dalitso adzanyadira.

Lachisanu

Ndilemba mwadongosolo, monga lipoti la ngozi.

Nthawi ya chakudya chamasana. Kulira kwa ndege kuchokera kumwera. Mluzu wa asilikali. Ndikuthamanga ndi botolo la madzi monga ndinayesezera. A Mai Zuze akuthamanga ndi mpeni wa nsomba uli kumanja. Masitepe anga atatu palibe wawaponda. Tonse tadumphira m'dzenje. Ine choyamba, ndi mawondo ndi zikhatho, kenako chafufumimba, monga amatiphunzitsira.

Ziro uja ndam'peza. Wa Lachitatu, wa Lachinayi ndi wa lero m'mawa. Yense ali m'dzenje, wokwiriridwa mwaukhondo pansi pa mchenga wanga wosefa, kuyambira pa masitepe mpaka pa kona.

Kutuluka sitingathe, mluzu wachiwiri sunalire. Kunja dzuwa la kuno ku Feira, m'dzenje mphepo palibe. A Mai Zuze agwira kolona dzanja limodzi, mphuno dzanja lina. Apemphera pang'ono m'chinenero chakwawo, kenako aleka. "Bwana Helofu, ngati tifa lero, tifa tikununkha. Tandiuzani bwinobwino, pusi ameneyu mum'dyetsa chiyani?"

Ndawawerengera tchati chonse pamtima, ndili chigonere. Nsomba ndachotsa, nyama ndachotsa, madzi ndi owiritsa, phala akukana.

"Ndiye akhala ndi moyo ndi chiyani? Mphepo?"

Ndati mkaka. Masupuni anayi, kawiri pa tsiku. Ndafotokoza kuti mkaka sunalembedwe chifukwa si chakudya.

Ndamva ndege ija ikutha kumapiri. Sinali n'komwe ndi ntchito nafe.

"Mayi wanga ine! Pusi wamkulu ndi mkaka wa m'chitini? Munaonapo pusi wandevu akuyamwa? Munayamba liti?"

Lachisanu lapitali.

"Nanga kuthulula anayamba liti?"

Loweruka.

Ine ndemwe ndamva manambala akugwera m'malo mwake, gwa, gwa, ngati zipolopolo. Zaka zitatu ku koleji. Mizere inayi pa tchati. Wolakwa ndakhala ndikum'sungunula ndekha ndi madzi owiritsa, m'mawa ndi madzulo, n'kumuwonjezera.

Pamene tikudikira mluzu, Sikono wabwera pamphepete pa dzenje. Watiyang'ana ngati munthu amene wapeza chimbudzi chili ndi anthu. Wakhala pansi kudikira nthawi yake.

Mluzu utalira, a Mai Zuze atuluka, anyamula mphaka m'khwapa, apita naye kwawo. Sanapemphe. Inenso sindinakane. Ndasamba kawiri. Shati lachiwiri la kuntchito lili m'ndowa.

Atsala masiku awiri. Mulungu wanga.

Loweruka

Ntchito za lero:

kuchotsa mchenga, ndowa zisanu ndi imodzi (zikulemera kuposa polowa);
kuthira phulusa ndi laimu;
kung'amba lipoti;
kupita pa lodibuloko kukachotsa mlandu pa nyama ya m'chitini.

Chomalizachi sichinafunike. Nkhani yafika kale. A Sajeni andipatsa sailuti: "Mudala, tamva kuti mwakumbira pusi chimbudzi chabwino kupambana zonse mu Boma. Cha masitepe!" Pamsika palibe akunditcha Bwana Helofu lero. Dzina lija latulukira poyera. Chodabwitsa n'chakuti silipweteka monga ndinkaganizira.

Ndasuzumira pampanda katatu. Kachinayi a Mai Zuze andiitana kuti ndileke kuthyola udzu wawo. Chithandizo chawo ndi ichi, ndalemba: pende wowiritsa m'madzi okha, wopanda mchere, wopanda mafuta, minga yonse kuchotsa ndi zala. Kachidutswa kochepa ngati chala, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Msuzi wake wozizira m'kambale. Madzi pambali. Kenako kumusiya agone.

Ndafunsa muyezo weniweni wa kachidutswako. "Chala, Bwana. Muli nacho."

Ndafunsa kangati lero. "Kamodzi. Kayamba kugwirana." Ndapempha kuona. Andiyang'ana, ndabweza pempholo.

Sikono wagona pansi pa thandala la nsomba, mimba kumwamba. Ndamuitana. Watsegula diso limodzi.

Chitini cha mkaka chatsala pang'ono pansi. Ndachibweza kuseli kwa mapoto, chizindikiro chake kuyang'ana kutsogolo, monga ndinachipezera. Sindikudziwa amene ndikum'namiza.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala nsapato za kuntchito.

Lole yafika dzuwa litapendeka, fumbi lokhalokha. Amake Dalitso atsika ndi thumba la nyemba ndi moni wa ana. Ana ali bwino, Dalitso wagula kale abwenzi ndi malegeni ake. Ndakonzeka kuulula zonse, ndalemba ndi mfundo zake pa kapepala. Iwo apitirira nyumba yathu, alunjika kwa a Mai Zuze, ngati akudziwa kumene mphaka ali.

Ankadziwa.

Ndaima pampanda, thumba la nyemba paphewa. Kuseka kwa amayi awiri. Ndamva "masitepe" kawiri. Kenako mawu a mkazi wanga: "Koma Amai, tinapangana kuti zikavuta mum'tenge Lachitatu." A Mai Zuze: "Ndinaona bambo ali otanganidwa bwino, ndinati ndiwasiyeko pang'ono."

Amake Dalitso abwera ndi Sikono m'manja. Am'tembenuza, am'tsina pamimba, am'nunkhiza. "Wawonda pang'ono. Achira." Kangati lero: kamodzi, kolimba. Ndalemba pa tchati, ndatseka.

Kenako anditembenukira ine, andiyang'ana monga anayang'anira mphaka. "Inu ndiye mwanenepa. Mwadya?" Ndadya. "Wailesi?" Sindinatsegule. "Ndege mwawerenga zingati sabata ino?" Imodzi, ndipo ndinali ndi zina zoganiza.

"Ehe," atero, n'kupita kukateleka madzi.

Ndakhala pakhonde kuganiza za "ehe" ameneyu. Mwezi wathawu ndinkadzuka n'kuima pabwalo kumvetsera kumwamba, chakudya chikuzizira. Ndinalemba mndandanda wa zoti tinyamule pothawa, masamba anayi. Ndiye munthu akupita ulendo wa masiku khumi, kusiya mwamuna wotere yekha m'nyumba. Akanatha kungopereka mphaka kwa a Mai Zuze tsiku lomwelo. Sanatero.

Sindinafunse. Ndikuganiza kuti wodwala amene anasiyidwa m'manja mwa mnzake sanali Sikono.

Za mkaka apeza okha. Anausungira masikono a Khirisimasi. Agwedeza chitinicho pafupi ndi khutu langa, ndipo tiyi tamwa wakuda. Akuti tidzamwa wakuda mpaka chitini china chidzapezeke ku shopu, ndiye kuti mwina nkhondo itatha.

Mchenga watsopano m'dzenje sindithira. Amake Dalitso akuti chitenje chimachapika.

Sikono wagona pa tchati. Ndam'siya.