Foni ya a Jairos Kumanda

Ku Chipata konse kunalibe wodziwa bizinesi kuposa a Jairos, mphunzitsi wopuma wa ku Chiparamba, ngakhale kuti eni akewo sanagulitsepo ndi tomato yemwe. Ntchito yawo inali kuwerenga mabuku a zamalonda onenepa ngati Baibulo, kuwafinya mpaka atsale mawu ochepa, n'kudzijambula mawu pa foni. Akakupeza pamsika ankakuika foniyo kukhutu, kaya uli ndi dengu pamutu.

"Mayi, inu mulibe nthawi yowerenga. Mverani!"

"Aphunzitsi, makasitomala akudikira."

"Eya, mutu wa lero ndi umenewo!"

Akazi awo, a Esnat, ankachita nazo manyazi. Chowatopetsa kwambiri chinali chakuti foniyo anaitchera kuti dzuwa likafika paliwombo izilankhula yokha.

Atamwalira, osambitsa maliro anawaveka jekete la kutchalitchi osapisa m'thumba. Kumanda, dzuwa lili paliwombo, adzukulu atangoyamba kukwirira, m'dzenje munamveka kutsokomola. Kenako mawu odekha aja:

"Moni nonse otanganidwa. Lero tiphunzira kusiyira ena ntchito."

Abusa anataya buku la nyimbo. Adzukulu analumpha mitumbira ngati mbuzi, ndipo mkulu wina woyendera ndodo anapitirira achinyamata onse. A Esnat okha ndiwo anaima chilili, poti kutsokomolako ankakudziwa.

Alamu awo, a Petulo, anabwerera. "Mlamu, titsegule bokosi tichotse foniyo. Anthu azinena kuti munthuyu sanagone."

A Esnat anasuzumira m'dzenjemo. Mawu a amuna awo sanalinso kwina koma m'foni momwemo, ndipo mtima unkaifuna. Koma kuvundukula munthu woti wagona kale?

"Kwirirani," anatero. "Moyo wawo wonse palibe anawamvetsera mpaka kumapeto. Ndiwamvetsera ine."

Kumanda sapitako wamba, koma masana alionse a Esnat ankapita, n'kugunditsa khutu pamtumbira. Mawuwo ankamveka chapansipansi, ngati munthu wolankhulira m'mtsuko, ndipo iwo sankachoka phunziro lisanathe. Tsiku lina dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, pansi pali zii. Batire linali litatha. Apo m'pamene a Esnat analira maliro enieni, okhaokha, popanda wowagwira.

Mpaka lero anthu a ku Chiparamba akamadutsa pafupi ndi mandawo masana amasiya kucheza. Ena amati ndi mantha, koma ukawayang'ana bwino amakhala atatchera khutu.