A Bonifasi Olemba Agalu Ntchito

Ku Golomoti kuno aliyense ankadziwa kuti malemu a Bonifasi ankafunsa agalu intavyu. Sindikukokomeza ayi. Bambo aja ankakonza njinga pansi pa mlambe kuseri kwa msika, ndipo akapeza galu wotayidwa, kaya m'ngalande, kaya wogundidwa ndi minibasi pamsewu, ankamutola, kumusambitsa, kumuzula nkhupakupa imodziimodzi ndi pulaya, kenako n'kumukhazika pa tayala lakutha.

"Mwachokera kuti, bwana? M'mbuyomu munagwirapo ntchito yanji?"

Galu n'kumangophethira.

"Chabwino, musafulumire kuyankha. Ganizani kaye."

Ine ndimagulitsa tomato pafupi pomwepo, ndiye zonsezi ndinkaonera ulere. Koma ndinkaseka pakamwa pokha, chifukwa kunyumba ndinali ndi changa chondidya mumtima. Amuna anga a Jailosi anali atadwala sitiroko, mkono n'kufa, mawu n'kutsekeka. Miyezi isanu ndi itatu osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Kuchipatala anati aziyeserera kulankhula tsiku lililonse, apo ayi lilime lidzagoneratu. Eni ake ndikawauza, ankangotembenukira kukhoma.

Intavyu ya a Bonifasi inkatenga milungu. Ankatha kusiya tcheni chili lende, wakabaza akupsa mtima, iwo maso ali pa galu.

"Madala, njinga yanga!"

"Taimani kaye. Mwaona ameneyu? Akununkhiza mapazi a ana okhaokha. Nanga a ife akuluakulu alakwanji?"

Akakhutira, ankamubayitsa katemera wa chiwewe n'kumupezera bwana. Wina wa miyendo itatu anamutumiza kukalondera chimanga cha mai Bernadeta m'munsi mwa phiri, kumene anyani amakolola eni munda asanalawe. Mai Bernadeta anakwiya kuti awapatsa wolumala.

"Mayi, wa miyendo inayi akathamangitsa anyani mpaka ku Dedza n'kusiya munda pambalambanda. Uyu sapita patali."

Chaka chimenecho nkhokwe inadzaza.

Sikuti a Bonifasi sankalakwitsa. A Silvesta, akulu a mphakati wathu, maso atachita khungu anapatsidwa galu wakuda wowatsogolera kutchalitchi. Galuyo anali waulemu, wodziwa kuima pamsewu mpaka lole idutse. Koma Lamulungu loyamba anakhota nawo n'kukawakhazika pabenchi pa mai wina wotcheza kachasu. A Silvesta anavula chipewa n'kuyamba chizindikiro cha mtanda, akudabwa kuti lubani wa lero akununkha zachilendo. Nkhani itawapeza a Bonifasi, anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti bwana wake wakale anali chidakwa! Ndipo pa intavyu anandibisira."

Tsiku lina masana anabwera pa benchi yanga.

"Mai a Zione, odwala ali bwanji?"

"Ali duu ngati mtondo. Ine ndatopa, a Bonifasi. Ndimalankhula ndekha m'nyumba ngati wamisala."

Mawa lake anafika kwathu ndi kagalu kofiirira, kong'ambika khutu, kamene anakapeza katamangidwa m'thumba la feteleza pansi pa kalavati.

"Awa ndawafunsa milungu itatu," anatero. "Sauwa, sasaka, nkhuku saziona n'komwe. Ntchito yawo ndi kukhala pafupi ndi munthu basi. Koma ndi onyada. Likhweru sabwera, kuwomba m'manja sabwera. Mpaka uwatchule dzina."

"Dzina lake ndani?"

"Pepani."

"Palibe kanthu. Ndati dzina lake ndani?"

"Ndati Pepani."

Apa ndinawayang'anitsitsa. Paja kuno dzina la galu ndi kalata yopita kwa munthu. Ukayambana ndi mlamu umatcha galu wako Mwandizunza, n'kumamuitana mokweza mlamuyo akamadutsa. Tsono amuna anga, pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu, mawu akuti pepani anali asanadutsepo pakhosi pawo. Tsiku lina ndinagwa pa kaliyala ya njinga ku Mtakataka, iwo n'kupalasa mpaka ku Mua osazindikira. Atabwerera n'kundipeza ndikupukuta magazi pabondo anati, "Unatsikiranji?"

A Bonifasi anandiletsa kumuitana galuyo ine. Ndiye Pepani ankakhala pabwalo, a Jailosi pakhonde, kuyang'anizana. A Jailosi anayesa kukodola ndi dzanja lamoyolo, galu n'kungogwedeza mchira. Anayesa kumuonetsa mbatata yootcha, galu n'kumeza malovu koma osasuntha. Ine ndinkasuzumira pawindo kufuna kuona kuti pa anthu ouma mutu awiriwa agonje ndani.

Mlungu wachitatu, m'mawa, ndikuchokera kumjigo ndowa ili pamutu, ndinamva mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri.

"Pe... pa... ni."

Ndowa inagwa. Ndinathamanga n'kukagwada pakhonde, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndakukhululukirani, bambo a Zione! Zonse! Ndi za ku Mtakataka zomwe!"

Nditadzutsa mutu ndinaona kuti maso awo sali pa ine. Galu anandidutsa m'khwapa n'kukaika chibwano pabondo pawo. A Jailosi anandiyang'ana ine, kuyang'ana galu, kenako anaseka ndi pakamwa pawo pokhotapo mpaka kutsamwa. Ndinachita manyazi, ndinapsa mtima, koma chisangalalo chimene ndinali nacho tsiku limenelo sindinachimveponso.

Mawu ena anatsatira pang'onopang'ono: madzi, mchere, iwe. Anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kumsika, ndipo galu akatsalira pa ogulitsa usipa, ankaima pakati pa anthu n'kukuwa, "Pepani! Pepani!" Anthu amene anayambana nawo kalekale ankatembenuka modabwa. Wogulitsa nyama wina anachita kutuluka m'butchala n'kuwagwira dzanja. "Zinatha zija, bambo, musadandaule."

Ndinawafunsa a Bonifasi ngati dzina lija anachitira dala.

"Ine? Ananena okha pa intavyu."

A Bonifasi anatisiya dzinja lathali, atangodwala masiku anayi. Pamaliro panabwera agalu khumi ndi mmodzi, aliyense ndi bwana wake, ndipo palibe anawathamangitsa. Amene anavutika anali wathuyu. Aliyense wofika pasiwa ankagwada kwa achemwali a malemu n'kunena kuti pepani, galu n'kudzambatuka kupita komweko. Wina uku pepani, iye uko. Pofika masana anali atagona chagada, lilime lili panja. Amayi tinkabisa nkhope m'zitenje, osadziwika ngati tikulira kapena tikuseka.

Masiku ano pansi pa mlambe pali zii. Akabaza amakakonzetsa njinga kwina, ndipo mwezi watha kagalu kena kanazungulira msika masiku atatu anthu akungokaponya miyala, mpaka mai Bernadeta anakatola. Akuti sakudziwa kuti kamatha ntchito yanji, chifukwa kufunsa kwake sakudziwa.

Lachiwiri lapitali madzulo ndinali pakhonde, ndikusisita mkono wakufa uja ndi mafuta monga ndimachitira tsiku lililonse. A Jailosi anati, "Pepani."

Sindinadzutse n'komwe mutu. "Ali pamapazi panu pomwepo."

"Ndamuona." Anapuma kaye, akufunafuna mawu. "Iwe, Anastasia. Watopa nane. Pepani."

Galu anatukula khutu, n'kuona kuti za ulendo uno si zake, n'kugonanso. Ndinadzuka, kumanga chitenje bwinobwino, kuvala patapata, kuti ndithamange kumsika ndikawauze a Bonifasi. Ndinakumbukira nditafika kale pamsewu kuti anatisiya.