Ndevu Zanga ndi Mikondo Itatu

Lolemba m'mawa

Zatheka! Akuluakulu a timu yathu amva kulira kwathu. Osewera kutsogolo a chaka chatha, aja ankati akaona golo n'kupatuka ngati akumana ndi apongozi panjira, onse awatsanzika. M'malo mwawo abweretsa atatu atsopano:

1. Jafali, wa ku Mangochi. Wamtali ngati mlongoti. Akuti mpira wa kona saudumphira, amachita kuuweramira.
2. Domingo, wa ku Mozambique. Palibe amene anamuonapo akusewera, n'chifukwa chake ndi amene tikumukhulupirira kwambiri.
3. Kachipande, wa konkuno ku Zomba. Liwiro lokhalokha.

Ife masapota a ku Chinamwali tawapatsa kale dzina: Mikondo Itatu. Ligi ikuyamba Loweruka, ndipo kukubwera timu ya ku Blantyre. Ndikuwamvera chisoni.

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Magolosale, masaluni, zigayo, zambiri za muno ndi dzanja langa. Ndiye ndaganiza: chinsalu chachikulu, nkhope zitatu, pansi pake mawu akuti MIKONDO ITATU SIPHONYA. Loweruka bwalo lonse lidzatembenuka kuyang'ana ine.

Lolemba masana

Ndalakwitsa kudutsa pa babashopu ya alamu anga a Makwinja, alongo ake a mkazi wanga. Munthu wobadwira ku Chikamveka, kumwa madzi a m'phiri lathu moyo wake wonse, koma amasapota timu ya ku Blantyre. Ufiti ulipo wamitundumitundu.

Akuti: "Alamu, mikondo yanuyo ndi mapesi."

Magazi andikwera. Pamaso pa anthu a kabaza asanu ndi mmodzi tapangana motere: mmodzi mwa atatuwa akagoletsa Loweruka, a Makwinja avala jezi yathu mwezi wathunthu akumeta anthu. Akapanda kugoletsa, andimeta ndevu, panja, anthu akuona.

Ndevu izi mkazi wanga anandipeza nazo. Ana anga chibwano changa sanachionepo. Ndipo sindinazisunge popanda chifukwa. Pansi pake pali zimene ndikudziwa ine ndi malemu mayi anga basi.

Koma palibe choopa. Anthu atatu, mphindi makumi asanu ndi anayi!

Lachiwiri m'mawa

M'tauni, kusitolo ya a Yusufu, kumene ndimagula penti. Wofiira, wakuda, wachikasu pang'ono. Ndikuwafotokozera za chinsalu, iwo akungomanga zitini. Potuluka akuti: "Bwana, ine katundu ndimayamba ndamuona ndisanamulembe pachikwangwani." Munthu wa kiriketi, za mpira sangazidziwe.

Nsalu ndaipeza m'sutikesi ya mkazi wanga. Yoyera, yaitali, yopindidwa bwino, ikungokhala. Nsalu yongokhala ndi nsalu yopanda ntchito.

Lachiwiri masana

Jafali watha. Kachipande watha. Domingo wandivuta chifukwa chithunzi chake palibe amene ali nacho. Ndamujambula ndi mtima. Watuluka wofanana ndi abusa athu, koma abusa okwiya. Ali pakati, ndiye wamkulu kuposa anzake.

A Makwinja adutsa pa njinga, sanaime n'komwe. Angokweza lumo m'mwamba.

Lachiwiri madzulo

Wailesi ikuti mapepala a Domingo sanafike kuchokera kwawo, Loweruka sasewera. Mlembi wa timu akuti "nkhaniyi ikuyenda bwino". Ena pamsika akuti mapepala anafika koma akusonyeza kuti mnyamatayu ali ndi zidzukulu. Nsanje.

Pansi pa nkhope yake ndawonjezera mawu ang'onoang'ono: AKUBWERA.

Mikondo iwiri ndi yokwanira. Mlenje wanzeru saponya yonse tsiku limodzi.

Lachitatu m'mawa

Kochi akutengera anyamata kuphiri kuti akathamange. Akuti mpweya wa pamwamba umakulitsa mapapo. Masapota enieni timaperekeza timu, ndiye ndakwera kabaza mpaka pamene wakabaza wanena kuti iye ali ndi ana. Kwinako wapansi.

Zimene ndaona pamwamba:

— Nkhungu.
— Azimayi ogulitsa masitiroberi, amene akudziwa kale za ndevu zanga. Ndani wawauza?
— Kochi ali m'galimoto, magalasi otseka, akuliza wezulo mkati momwemo.
— Kachipande akudutsa ngati mphepo. Ameneyu ndi munthu!
— Jafali ali kumbuyo kwa onse, ngakhale kumbuyo kwa ine.

Lachitatu masana

Jafali anagula nthochi n'kuzibisa m'jezi. Nyani wamkulu anaona. Munthu wamtali chonchija, amene tikuyembekeza kuti aopseze otchinga kumbuyo a ku Blantyre, anakuwa "Amama!" n'kudumphira m'ngalande. Bondo latupa ngati dzungu. Atsika naye phiri pa galimoto ya kochi, nthochi zatsala ndi mwini phiri.

Liwiro limene anaonetsa pothawa nyani, akanalionetsa pabwalo bwenzi tili kutali.

Kochi akuti milungu isanu ndi umodzi. Pansi pa Jafali ndalemba: ACHIRA.

Lachitatu madzulo

Ndadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Ndazipesa. Ndazidzoza mafuta. Mwana wanga wamkazi akuti: "Ababa, mukutsanzikana nazo?" Mwana ameneyu watengera amalume ake a Makwinja.

Lachinayi m'mawa

Mkazi wanga watsegula sutikesi.

Nsalu ija si yongokhala. Ndi ya amayi a Mvano, yoyala patebulo la kutsogolo kutchalitchi. Inabwera kuno kudzachapidwa ndi kusitidwa chifukwa mwezi uno ndi gawo lake. Lamulungu ikufunika.

Waima kuseri kwa nyumba pamene ndaiyanika, manja m'chiuno. Wayang'ana Jafali. Wayang'ana Kachipande. Wafika pakati. Akuti: "Inu, abusa akulakwirani chiyani?"

Ndayesa kufotokoza kuti ameneyo ndi Domingo. Akuti ndikafotokozere amayi a Mvano, ali makumi anayi, ndipo onse amamva bwino.

Lachinayi masana

Zimene ndayesa pochotsa penti pakona imodzi:

— Sopo. Ayi.
— Parafini. Penti wafalikira, khutu la Kachipande lafika paphewa.
— Pemphero. Palibe yankho, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake.

Penti wa a Yusufu ndi wabwino kwambiri. Ndidzawadandaulira.

Tagwirizana kuti ndipeza nsalu ina Lamulungu lisanafike. Kunena kuti tagwirizana ndiye kuti iye walankhula, ine ndagwedeza ndevu. Chakudya chamasana wandiikira patebulo, ndiwo zake nyemba zowerengeka ngati zigoli zathu za chaka chatha.

Koma popeza nsalu yawonongeka kale, Loweruka ipita kubwalo. Tchimo silichitidwa theka.

Lachisanu m'mawa

Kubwalo, kuonera anyamata akukonzekera komaliza. Maso onse pa Kachipande, mkondo wotsala.

Liwiro lilipo, sindikukana. Vuto ndi loti mpira sudziwa kumene iye akupita. Amathamanga, n'kufika pagolo yekha, n'kucheuka, mpira uli pakati pa bwalo pamene anauyiwala. Kanayi. Kachisanu wautenga, waponya, wagunda mayi wogulitsa chinangwa kuseri kwa mpanda. Mayiyo akuti: "Chaka chatha amandiphonya, awa ndiye aluso."

Mnzanga wina wa m'komiti ya masapota akuti tisadandaule, osewera akuluakulu amabisa luso kuti akazitape asaone. Ndamukhulupirira. Ndilibe wina woti ndimukhulupirire.

Lachisanu masana

Ndapita kwa a Makwinja ngati munthu wongodutsa. Ndayamba ndi za ana, za mvula, za ubale. Kenako ndati pangano linali la mikondo itatu, pano watsala umodzi, ndiye mwachilungamo pangano lafa.

Akuti: "Alamu, munati mmodzi mwa atatu. Mmodziyo ndi ameneyo."

A kabaza avomereza onse. Anthu amene sagwirizana ngakhale pa mtengo wopita ku Chikamveka, lero ali pakamwa pamodzi.

Mpando wometera autulutsa kale panja. Aupukuta.

Loweruka m'mawa

Dzuwa lawala. Ndadzuka ndi chikhulupiriro chatsopano. Chigoli n'chiyani? Mpira kudutsa mzere basi. Ngakhale nkhuku yakhungu imatola chimanga.

Chinsalu tachimanga pa nsungwi ziwiri. Kuchokera ku Chinamwali wapansi, tikuimba. Anthu m'njira akuwerenga mokweza: "Akubwera! Achira!" Wina wafunsa ngati tikupita ku msonkhano wa machiritso.

Loweruka masana, kubwalo

Chigawo choyamba: Kachipande ofusayidi kasanu ndi kawiri. Wonyamula mbendera mkono wamupweteka, akusinthasintha manja. Domingo ali m'gulu la anthu, wavala jekete, akudya mtedza. Ndamuona koyamba. Ndi wamfupi, wadazi, ndipo nkhani ya zidzukulu ija si nsanje.

Goloboyi wa ku Blantyre wakhala pansi, akucheza ndi wojambula zithunzi.

Chigawo chachiwiri: mvula ya Zomba, yosapempha chilolezo. Anthu ofunda pansi pa chinsalu changa ndi ambiri kuposa amene anachiwerenga.

Kwatsala mphindi zochepa, palibe chigoli. Alendo apeza kona. Kochi akukuwa kuti onse abwerere kukatchinga. Kachipande wathamanga kuchokera kutsogolo, liwiro lake lija, wafika woyamba, wadumpha, mutu, mpira pakona yeniyeni ya ukonde!

Ukonde wathu.

Chigoli chokongola chotere sindinachionepo pabwalo lino. Goloboyi wathu sanagwedezeke n'komwe. Bwalo lonse zii. Munthu mmodzi yekha ndiye anakuwa "Chigoliii!" atakweza manja, ndipo munthuyo ndine.

Ondizungulira sanamvetse. Ndatuluka msanga, nsungwi imodzi yatsala komweko.

Loweruka madzulo

Pa babashopu anthu ngati pamsika. Ine ndikuti pangano linali loti agoletse, sitinatchule golo yake. A Makwinja akuti munthu wolasa mwendo wake sitimutcha mlenje. Mlandu wapita kwa a kabaza. Akambirana kuseri kwa mpanda ngati oweruza enieni, abwera ndi chigamulo: wagoletsa, inde, koma mobwerera. Ndiye a Makwinja avale jezi yathu mobwerera tsiku limodzi, ine andimete theka.

Theka! Tsaya lamanzere mpaka pakati pa chibwano.

Lumo litadutsa, anthu anasiya kuseka kaye. Kenako mayi wina kumbuyo anati: "Kodi chibwanocho chatsala m'ndevu momwemo?" Ndiye kunagwa anthu.

Theka linalo ndapempha ndekha. A Makwinja anachita kundifunsa kawiri kuti anthu amve bwino.

Kunyumba mwana wamng'ono wandiona n'kubisala kumbuyo kwa amake. Mkazi wanga wandiyang'ana pachibwano, n'kunena: "Mukanandiuza tisanakwatirane."

Lamulungu

Mphepo ikundipeza malo amene sinandipezepo. Kuphiri kwachita nkhungu, ndipo ndikuisirira, ili ndi chobisalamo.

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Palibe wondipatsa moni. Anthu amene ndapemphera nawo zaka zonsezi akungondidutsa. Nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo akuti alendo aimirire tiwalandire. Ndakhala phee. Bambo wa pambali panga wandigwira paphewa: "Musachite manyazi, achimwene, imirirani." Mkulu wa mpingo akundiloza. Mkazi wanga, kumbali ya amayi, akuyang'ana m'buku la nyimbo ngati muli nkhani yatsopano.

Ndaimirira. Ndati ndachokera ku Malosa, ndangodutsa. Andiombera m'manja.

Titatuluka, bambo uja wandiperekeza mpaka pamsewu, munthu waulemu kwambiri. Akuti kodi ku Malosa yafika nkhani ya chitsiru china cha ku Chinamwali, chandevu, chimene chinasangalalira chigoli cha adani dzulo?

Ndati yafika.

Akuti anthu otere amafunika kuwapempherera.

Ndati yambani lero, bambo, Loweruka likubwerali timu ikupita ku Lilongwe, ndipo ndamva kuti munthuyo walembetsa kale malo m'basi.