Kompyuta ya ku Luwani Yakana Chithunzi cha Mtsogoleri

Lolemba

Ndanenetsa pamaso pa onse: nyuzi ya chipatala chathu cha kumsasa wa othawa nkhondo ituluka Lachisanu, ya pa kompyuta, ya zithunzi. A Mbewe, bwana wa ofesi, akuseka. "Mayi, makinawo mwangowadziwa dzana." Aseke. Mano ndi awo.

Zomwe ndili nazo:
dizilo mu jenereta,
nkhani ya kolera, yotaipa kale,
disiketi ya chithunzi cha chimbudzi chabwino,
disiketi ina yochokera ku Blantyre, ya chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Chimenechi n'cha tsamba loyamba, palibe kukambirana.

Lachiwiri

Chimbudzi chalowa bwinobwino, ndi chivundikiro chake chomwe. Cha Mtsogoleri ayi! Buku la makinawa likuti pulogalamu yake imalandira zithunzi zosungidwa mu TIFF kapena EPS basi. Chimbudzi ndi TIFF. Cha ku Blantyre ndi PCX. Ndafufuta PCX pa dzina la chithunzicho, ndalembapo TIF. Makina sananamizike, angotulutsa mizeremizere.

Pa tiyi pakamwa pandithawa: "Kompyuta ikukana Mtsogoleri." Wina waika kapu pansi, watuluka.

Lachitatu

A tcheyamani a chipani afika pa njinga, ayufi awiri, anyamata a chipani, pambuyo. "Wakana ndani?" Ndikufotokoza modekha: TIFF, EPS, PCX. Iwo: "A Tifiwo ndi a kwa yani? Ngakuno kapena anabwera ndi nkhondo?" A Mbewe akumbukira mwadzidzidzi kuti akayendere mijigo.

Ndaonetsa khadi langa la chipani. Aliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Akuti abweranso Lachisanu kudzaona ndi maso awo. Abwere! Sindikuopa.

Lachinayi

Ndatuma a Zuze, dalaivala wa ambulansi, kuti akafika ku Mwanza aimbe foni ku Blantyre, atitumizire chithunzi china. Mawu ndawaphunzitsa: "Tumizani Mtsogoleri mu TIFF." Abwera madzulo ndi thumba la manachesi, foni sanaimbe. "Mayi, ine ndili ndi ana. Pa foni pamakhala makutu. Ndikanene kuti amuike mu chiyani?"

Manachesi ngokoma. Chithunzi palibe. Sindibwerera m'mbuyo.

Lachisanu

Mulungu wanga! Ndikusindikiza tsamba loyamba, kungoyesa. Ndaiwala kuti dzulo m'bokosi lopanda kanthu lomwe ndinasiyira Mtsogoleri patsambalo ndinaikamo chimbudzi poyezera kukula kwake. Pulinta yalavula: chimbudzi pamwamba, pansi pake zilembo zikuluzikulu, MTSOGOLERI WATHU WOKONDEDWA.

Panja a tcheyamani akutsamiritsa njinga pakhoma.

Ndang'amba chigawo cha mawuwo, ndaponya m'kamwa. Inki njowawa kuposa kwinini. A Mbewe aona, athamangira kuseri, jenereta thi! Galasi la kompyuta lada. Munthu uyu lero ndiye wagwira ntchito.

A tcheyamani alowa. "Mukutafuna chiyani, mayi?"

"Mankhwala a m'mimba, bambo."

Ndameza akundiyang'ana. A Mbewe akulumbira kuti dizilo watha.

Loweruka

Chabwino. Makina akana, manja sanakane. Sizasi, phala la chinangwa, kalendala ya chaka chatha. Ndadula chithunzi cha Mtsogoleri pakalendalapo bwinobwino, ndamata patsamba loyamba. Chakongola! Koma nyuzi ndi imodzi yokhayi, makina ochulukitsira mapepala ali ku Mwanza, ndipo a Zuze akuti chomatamata cha nkhope imeneyo sichikwera ambulansi yawo.

Vuto lina: ndatsala ndi kalendala ya chibowo pomwe panali Mtsogoleri. Kuitaya kudzala sizingatheke, pamoto ndiye ayi. A Mbewe: "Ine maso anga sanaone." Ndaipinda, ili pansi pa matiresi. Ndikugonera mlandu.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi a tcheyamani andiimitsa pansi pa mtengo wa mango. Akuti makinawo apume kaye mpaka afufuzidwe bwino, pamodzi ndi a Tifi. Ndavomera.

Nkhani ya kolera ndikainena pakamwa mawa pa mjigo, amayi akamatunga. Imveka ndithu, mwina kuposa papepala.

Ndadutsira ku ofesi kukatseka mawindo. A Mbewe aphimba kale kompyuta ndi nsalu ya chipani ya akazi awo, kuti isagwire fumbi. Nkhope ya Mtsogoleri ya pansaluyo yakhala pagalasi penipeni, yowongoka, yosapindika n'pang'ono pomwe. Basi, ikhale pomwepo.