Kibwana Agwa kwa Apongozi

Inu, kugwa n'kosiyanasiyana. Kwathu kuno ku Temeke kuli kugwa kwina komwe timati sarakasi. Akuti mawuwa tinatola kwa azungu amasewero a m'matenti, koma ife tinawapatsa ntchito yathuyathu: kugwa chagada, anthu n'kufa nazo kuseka, fupa osathyoka. Ngakhale wandale akatembenuza lilime timati wachita sarakasi.

Katswiri wake anali Kibwana. Ankadya za kugwa basi, m'misika ndi m'maukwati, ndipo ankanyada nazo mpaka tsiku limene anakonda Zuhura. Bambo a mtsikanayo, Mzee Kondo, analanda mphete yachitomero kwa mwanayo n'kuisunga m'thumba, amvekere mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu amene amapita kuntchito kukagwa. Kibwana analumbira kuti zimenezo anasiya kalekale, pano ndi kalaliki kudoko. Bodza lamkunkhuniza!

Mzee Kondo anamuitana kunyumba Lachisanu kuti akamuone khalidwe. Kibwana anabwereka chipewa ndi mkanjo woyera, wautali mopitirira, n'kumayenda ngati wasenza mazira. Asanakhale n'komwe, azakhali a Zuhura anamuyang'anitsitsa.

"Bambo, si inu munagwa pamwamba pa mipando ku Mbagala?"

"Ayi mayi, ameneyo ndi mkulu wanga. Amatichititsa manyazi kwambiri."

Mzee Kondo anagwedeza mutu movomereza, dzanja likulowera kuthumba kuti abwezere Zuhura mphete ija. Zinthu zinali kuyenda. Koma mnzathuyu anafuna kuwonjezera ulemu: anadzuka kukalandira mbale yaikulu ya mpunga wa pilau m'manja mwa apongozi aakazi, n'kuponda mkanjo uja.

Tamverani, munthu wamba akanangogwa phi, mpunga n'kumwazika, anthu n'kumumvera chisoni, ukwati n'kutheka. Koma thupi la Kibwana silinafunse mwini wake. Linapinda khosi, linagubuduka kawiri, linadumpha azakhali aja, n'kuima njo, mbale ili m'mwamba, ngakhale kambewu kamodzi osagwa. Azimayi kukhitchini analulutira. Atamva nthungululu, mwendo unabwerera m'mbuyo wokha, msana unawerama, dzanja linavula chipewa n'kuchitambasula chagada monga amachitira pamsika popempha ndalama. Ndipo amene anali kutsogolo kwake anali Mzee Kondo.

Kibwana anafuna kubweza dzanjalo, koma linali litauma. Mtima unamuwawa, chifukwa Zuhura ankamukondadi.

Mzee Kondo anapisa m'thumba mosafulumira, n'kuponya mphete ija m'chipewamo ngati malipiro a sewero, chitomero n'kuthera pomwepo.

"Waseweradi bwino, mwanawe," anatero. "Ukapereke moni kwa mkulu wako."